Wakuba Mawu a Mnzake

"Tsabolayu ndi wa chaka chino, a Lyuben. Musachite kumununkhiza ngati ndi filimu yanu ija," adatero mayi Ginka uku akuponya thumba pasikelo.

Lyuben Arnaudov adabweza pamulu tsabola amene adali m'manja mwake, n'kukonza magalasi pamphuno. Udali mwezi wa Seputembala, nthawi imene khonde lililonse mumzinda wa Ruse limanunkhira tsabola wootcha, ndipo pabenchi la mayi Ginka padali mzere wa anthu odikira. Onse adali atamuzindikira kale. Munthu wamtali choncho, wa imvi mbuu mutu wonse, sakadabisala kuseri kwa mulu wa kabichi.

Mayi Ginka sadadikire kufunsidwa. Adafotokozera mzere wonse kuti Loweruka adavala diresi lawo la kutchalitchi, adakoka amuna awo mpaka kuholo ya kanema, ndipo amunawo adayamba kuliza mkonono filimu isadafike n'pakati pomwe. Adamaliza ndi kunena kuti akuluakulu sadaname, tsabola wakale sawawa.

"Ndiye mundithokoze, mayi," adayankha Lyuben. "Zaka makumi anayi bambowo akusowa tulo m'nyumba mwanu, ine ndawagoneka ndi tikiti imodzi."

Anthu a pamzere adaseka, mayi Ginka nawonso adaseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma pomupatsa thumba lija sadalisiye msanga. Nkhope yawo idasintha.

"Zoseka n'zoseka. Koma a Anastas adakulakwirani chiyani? Filimu yonse munthu uja kungoima ngati chitsa, pakamwa n'kukhala panu pokha. Ifetu tidapitira iwowo."

Lyuben adalipira, adakweza chipewa pang'ono, n'kutuluka mumsikamo akumva maso a anthu kumsana.

Padali patapita zaka makumi atatu ndi zinayi chitulukire Belu Logulitsidwa Kawiri, filimu ya akamberembere awiri amene adafika m'mudzi wina atavala masuti obwereka, n'kudzitcha akatswiri a zinthu zamakedzana ochokera ku likulu. Tsiku limodzi lomwelo adagulitsa belu la tchalitchi kwa anthu awiri olemera amene ankadana, kenako adathawa pabasi, belu likadali lende pamalo pake. Lyuben ndiye adali wamtali wofatsa, wonyamula chikwama. Anastas Gerov, wamfupi wa mimba yake, ndiye adali mwini pakamwa. Lilime lake linkathamanga ngati makina osokera, moti munthu ankapereka ndalama asadamve n'komwe chimene akugula. Dziko lonse lidaloweza mawu ake. Chaka chilichonse pa Nyuwere ankaionetsa pa wailesi ya kanema, ndipo ngakhale anthu amene adabadwa filimuyo itakalamba kale ankawatchula awiriwo mayina awo a m'filimu, Mlongoti ndi Mbiya.

Filimu yachiwiriyi idali itangotha sabata imodzi m'maholo. Ankaitcha Belu Logulitsidwa Katatu, ndipo dzina lokhalo linkaulula kuti nzeru zidathera mu yoyamba ija. Lyuben sankatsutsa. Nkhani yake inkakwawa, nthabwala zake zidali zomwe zija zakale, zongotenthetsa ngati nyemba zadzulo, ndipo chinyengo chachikulu cha kumapeto aliyense ankachiona chikadali kutali. Zimenezo akadapirira. Chimene chidamulasa ndi zimene idalemba nyuzipepala ina ya ku likulu, ku Sofia, zoti Arnaudov, atakhala zaka zonsezi mumthunzi wa mnzake, wapezerapo mpata paukalamba n'kumeza mawu onse, mnzakeyo n'kumusiyira ntchito yovula ndi kuvala chipewa. Ena adaitola nkhaniyo, ndipo pofika Lachinayi idali itafika pamsika wa tsabola.

Kupatula dokotala, choonadi chonse ankachidziwa anthu anayi okha: Lyuben, mwana wake Ralitsa, Nevena mkazi wa Anastas, ndi Yavor amene adajambula filimuyo.

Chaka chapitacho, chisanu chitangotha, Yavor adabweretsa mapepala a nkhaniyo. Lyuben adawawerenga masana amodzi n'kumuuza mosapita m'mbali kuti ndi madzi okhaokha, iye salowamo. Patapita masiku awiri kudabwera Nevena. Adakhala pampando wa kukhitchini osavula chikhoti, chikwama chili pamiyendo. Adamuuza kuti mwamuna wake adaika nsapato mufiriji. Adamuuzanso kuti tsiku lina adapita kukagula buledi pakona pomwepo, pamene wakhala akugula zaka makumi awiri, ndipo adakamupeza pasiteshoni ya sitima akufunsa anthu njira ya kwawo. Dokotala adali atanena kuti ndi matenda oiwala aja, ndipo sabwerera m'mbuyo. Koma chimuimbire foni Yavor, Anastas ankadzuka m'mamawa, kusita malaya, n'kuima pagalasi kuyeserera kavalidwe ka chipewa.

"Ndaiwerenga nanenso, alamu. Ndikudziwa kuti ndi yoipa," adatero Nevena. "Koma muloleni avalenso chipewa chija kamodzi kokha, akadali kudziwa kuti ndi chake."

M'mawa mwake Lyuben adasaina.

Tsiku loyamba kujambula, m'mudzi wina wa kumapiri, Anastas adali ndi mawu a tsamba lathunthu oti anene pansi pa nsanja ya belu. Adayamba bwino ndithu, moti ogwira makamera adayang'anana. Atafika pamzere wachinayi adaima. Pakamwa padali potsegula, dzanja lili m'mwamba, koma maso ake ankayendayenda pankhope za anthu ngati munthu amene watsika basi pamalo olakwika. Lyuben sadaganize n'komwe. Adasunthira kutsogolo, adatola mawu aja pamene adagwera, n'kuwamaliza ngati ndi mmene zidalembedwera. Pa nthawi ya nkhomaliro adakokera Yavor kuseri kwa galimoto ya zipangizo n'kumuuza zonse, ndipo awiriwo adatenga pensulo n'kuyamba kusamutsa mizere. Pomaliza Anastas adatsala ndi timawu tiwiri titatu pagawo lililonse, ndi chipewa chake. Awiriwo adamuuza kuti mafilimu a masiku ano ndi otero, katswiri weniweni amalankhula ndi nkhope. Iye adakhulupirira, ndipo kwa masabata asanu ndi imodzi adali munthu wosangalala kuposa aliyense m'mudzimo. Ankadya pamodzi ndi anthu a zamagetsi, ankaphunzitsa amayi ophika magule a kwawo, ndipo madzulo alionse ankauza Nevena kuti lero wamunyamulanso Mlongoti, chifukwa payekha munthu uja sangathe.

Lyuben atafika kunyumba kuchokera kumsika kuja adapeza foni ikulira. Adali Ralitsa, akuimba kuchokera ku Varna. Adali atawerenga zimene anthu ankalemba pa intaneti. Ankadziwa kuti wailesi ina ya m'tauni yaitana bambo ake Loweruka masana kuti akayankhepo, ndiye adawapempha kuti akanene zonse mmene zidakhalira.

"Zaka makumi asanu pasiteji, bambo, n'kumalizira dzina loti wadyera? Amalume a Anastas ndimawakonda, koma ine bambo anga ndinu."

Lyuben adamulonjeza kuti akayamba walankhula ndi Nevena. Sadamuuze kuti mawu okanena pa wailesipo adali atawakonza kale mumtima, mawu ofatsa, aulemu, osanyoza aliyense. Anthu akadamvetsa. Mwina akadalira n'kulira, ndipo mayi Ginka akadamuwonjezera tsabola ziwiri pathumba.

Lachisanu masana adagula banitsa yotentha, chitumbuwa cha tchizi imene Anastas ankaikonda, n'kukwera basi. Nevena adamutsekulira chitseko n'kumunong'oneza pakhomo pomwepo kuti mayi wa nyumba yoyandikana nawo adabweretsa nyuzipepala ija, ndipo iye sadathe kuibisa msanga.

Kwa miyezi ingapo Lyuben ankamupeza mnzake atafooka pampando wa pabalaza akuyang'ana khoma, nthawi zina osamuzindikira mpaka atalankhula. Tsiku limenelo adamupeza pampando womwewo, koma atavala jekete ndi tayi, msana uli woongoka. Ndevu zidali za masiku angapo. Nyuzipepala idali pamaondo, mizere ina atailemba ndi cholembera chofiira, ndipo maso ake adali akuthwa ngati kale.

"Ima pomwepo, Mlongoti. Alemba kuti udandibera mawu."

"Ndaona."

"Ndakhala ndikudabwa. Ndimati kodi ine, Anastas Gerov, filimu yathunthu kungoti inde bwana, inde bwana? Kani iwe udapita kuseri kukanong'oneza wojambula uja. Zaka makumi anayi tikudyera mbale imodzi, iwe uli ndi mpeni m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Sadalekere pomwepo. Adayambira ku sewero lawo loyamba ali achinyamata, adatchula tauni, chaka, ngakhale dzina la mayi amene ankawasokera zovala. Adakumbutsa Lyuben tsiku limene anthu adawomba m'manja mphindi khumi, n'kumufunsa kuti ankawombera yani. Adamutcha mtengo wamagetsi wansanje, adamutcha ngolo imene ikufuna kutsogolera kavalo. Palibe dzina limene adaphonya, palibe mawu amene adasochera. Lyuben adangoima pakati pa balaza, banitsa ili m'manja, nkhope ikutentha. Adatsegula pakamwa kuti amuuze kuti iwe Mbiya, mawu aja udawaiwala wekha pamaso pa anthu makumi atatu. Koma adaona Nevena ataima pakhomo la kukhitchini. Misozi inkatsika m'masaya mwake, koma sadali kuyang'ana Lyuben. Ankayang'ana mwamuna wake ngati munthu amene waona mlendo amene adasiya kumuyembekezera.

Lyuben adatseka pakamwa. Anastas atatopa adaloza chitseko ndi nyuzipepala ija, n'kutembenukira kuwindo.

Kukhitchini Nevena adatereka khofi n'kumuuza motsitsa mawu kuti chiwerengere nkhaniyo Anastas wadya mbale ziwiri za msuzi wa nyemba, wavala yekha tayi, ndipo m'mawa uno wamutchula dzina lake katatu. Miyezi iwiri yapitayo ankangomuti mayi inu. Madzulo alionse ankayambanso kuiwala, koma m'mawa akaona nyuzipepala patebulo mkwiyo unkamudzutsa, n'kukhalanso Anastas Gerov amene adamuchitira chiwembu.

Lyuben adamuuza za wailesi, ndi zimene Ralitsa adapempha. Nevena adamvetsera mpaka kumapeto, akuzunguliza kapu pasosala.

"Dzina ndi lanu, alamu. Sindingakuuzeni kuti mulitaye, chachikulu ndidakupemphani kale. Ndingokuuzani chimodzi. Pulogalamu imeneyo Anastas saiphonya Loweruka lililonse. Akamva, mawuwo adzawaiwala dzuwa lisadalowe. Koma chisoni chake chimatsala. Amakhala nacho masiku atatu anayi, osadziwa kumene chachokera, ndipo amandifunsa kuti kodi kwachitika maliro."

Pobwerera Lyuben sadakwere basi. Adatsikira kumtsinje n'kuyenda m'mbali mwa Danube, kumene mabwato a katundu ankadutsa mwakachetechete. Mawu a Anastas ankamuwawabe. Ankawawa chifukwa adali a munthu wodwala amene sakadatha kumutsutsa, koma ankawawanso pa chifukwa china chimene Lyuben sadauzepo munthu. Tsiku lija pansi pa nsanja ya belu, atatola mawu a mnzake, makamera onse atatembenukira kwa iye, mumtima mwake mudakoma. Mudakoma ndithu. Adachita zija chifukwa cha chikondi, zimenezo Mulungu ankadziwa, koma pansi pa chikondicho padali kanthu kena kamene kadadikira zaka makumi atatu ndi zinayi. Wolemba nyuzipepala uja adalakwitsa nkhani yonse, koma adagunda pachilonda chenicheni.

Adakumbukiranso chaka chimene mkazi wake adamwalira. Anastas adabwera ndi kachikwama, osaitanidwa, n'kugona pasofa mwezi wathunthu. Ankaphika msuzi woipa kwambiri umene Lyuben adalawapo m'moyo mwake, ndipo tsiku lililonse ankaukometsera ndi mabodza, kuti ndi maphikidwe a mfumu ina ya ku Turkey, mpaka tsiku lina Lyuben adapezeka akuseka ndi supuni m'kamwa. Sadathokozane. Anthu awiriwo sankathokozana.

Loweruka adavala suti yake yabuluu n'kufika ku wailesi nthawi isadakwane. Woulutsa mawu adali Kalina Mincheva, mayi wa zaka ngati za Ralitsa, amene adamuuza akumupatsa madzi kuti filimu yoyamba ija adaionera kokwana makumi awiri. Nyali yofiira yosonyeza kuti mawu ayamba kuulutsidwa itayaka, Kalina adayamba mofatsa. Adakambirana za masuti obwereka aja, za basi imene idawafera pakati pojambula, za chifukwa chimene mafilimu achiwiri a akamberembere sakomera ngati oyamba. Lyuben adati chinyengo chili ngati nthabwala, chimagwira munthu kamodzi, ndipo amene wakupusitsa dzulo ukamuona lero umagwiriratu thumba. Kalina adaseka. Kenako adawerenga ndime ya m'nyuzipepala ija, adaika pepala pansi, n'kumuyang'ana m'maso.

"A Arnaudov, pali mphekesera zina. Ena mwa amene adagwira nawo ntchito akuti a Gerov sankapeza bwino pojambula. Ngati zili choncho, nkhaniyi ndi ina. Mungatiuze?"

Mpata wonena zoona udali utatseguka, ndipo Kalina adachita kumutsegulira ndi ulemu. Mawu aja adawakonza adali okonzeka palilime. Lyuben adayang'ana kachipangizo kolankhulira kamene kadali patsogolo pake, n'kuona m'maganizo balaza lija, wailesi yakale ili pashelefu, ndi munthu wa tayi atatchera khutu. Adamwa madzi pang'ono.

"A Gerov ali bwino kuposa ine," adatero. "Dzulo lomweli adanditukwana ola lathunthu osapuma, ndipo sadabwereze mawu ngakhale amodzi. Zimene alembazo ndi zoona, mayi. Ndidanyamula chikwama zaka makumi atatu ndi zinayi. Nditaona mpata ndidati nanenso ndilaweko. Ndidaumiriza wojambula, iye adaopa imvi zangazi. Mawu aja sadali a msinkhu wanga, mwaona nokha mmene andikhalira, ngati jekete la mwini. Mukadamva Anastas akuwanena bwenzi mukuseka mpaka lero. Filimu ija ndidaipha ndine, ndipo ndikupepesa kwa iye, ndi kwa inu nonse amene mudagula matikiti."

Mafoni adayamba kulira. Bambo wina adati Lyuben achite manyazi. Wina adati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo iyeyo adaona kalekale kuti wamtali uja ali ndi maso a njiru. Mayi wina wachikulire adati wamukhululukira chifukwa wavomera yekha, koma pa Nyuwere akamaonetsa yoyamba ija aziyang'ana mbali ya Mbiya yokha. Lyuben adathokoza aliyense, mmodzimmodzi.

Nyali yofiira itazima, Kalina adavula zomvera m'makutu. Kenako adatenga chikhoti cha Lyuben pamsomali n'kumugwirira kuti alowetse manja.

"Bambo anga adadwala zaka zisanu," adatero motsitsa. "Maso a a Gerov aja ndidawazindikira nditangowaona m'filimu."

"Sindikudziwa zimene ukunena, mwana wanga."

"Inde. Nanenso sindikudziwa," adatero Kalina, n'kumukonza kolala.

Madzulo a tsiku lomwelo kudaimba mkulu wa komiti imene inkakonza mwambo wokumbukira zaka makumi asanu za Lyuben pasiteji. Adazungulirazungulira, adadandaula za holo ndi za nyengo, n'kumaliza ndi kunena kuti mwambowo wayamba waimitsidwa kaye. Lyuben adati akumvetsa. Ralitsa adaimba patapita ola. Adangofunsa bambo ake ngati adya. Atayankha kuti sadadye, adawakalipira za chakudyacho mphindi zisanu, mokweza kuposa mmene nkhani ya chakudya imafunira, ndipo iwo adamulola.

Lamulungu, mabelu a matchalitchi atasiya kulira, Lyuben adakweranso basi. Sankadziwa ngati akamulola kulowa. Nevena adatsegula chitseko. Adangogwira dzanja lake ndi manja onse awiri, adalifinya kwa kanthawi, kenako adalisiya n'kuyamba kudandaula kuti munthu wake wakana kumetedwa sabata yathunthu. Akuti manja a Nevena amanjenjemera, ndipo nkhope imene dziko lonse limaidziwa singaperekedwe kwa aliyense.

Anastas adali pakhonde, padzuwa, bulangete lili pamiyendo. Tayi idalipo, koma idapendekera kumbali. Adamuyang'ana Lyuben kuyambira kunsapato mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu, ndipo Lyuben adadikira osadziwa kuti amene akumuyang'anayo ndi wa Lachisanu kapena wina.

"Ndidakumva pa wailesi," adatero Anastas. "Udalankhula bwino. Koyamba m'moyo wako."

"Ndidaphunzira kwa iwe."

"Usandinyengerere, mbava iwe. Ndakukhululukira, chifukwa ndine wamkulu mtima. Koma pali mawu. Yachitatu, zonena zonse ndi zanga. Iwe ubwerere kuchikwama chako."

Lyuben adayang'ana Nevena. Onse awiri ankadziwa kuti padziko lonse palibe munthu amene angaike ndalama ngakhale ya levu imodzi pa filimu yachitatu. Lyuben adavomera, n'kunena kuti mapepala ake akulembedwa kale, ndipo iye ndiye aziwabweretsa kuti aziyeserera. Anastas adagwedeza mutu ngati mfumu imene yalandira msonkho, n'kudzikanda kuchibwano.

Lyuben adavula jekete, adapinda manja a malaya, n'kupempha Nevena madzi ofunda, sopo ndi lumo. Adamuika mnzakeyo thaulo pakhosi n'kuyamba kumupaka thovu. Anastas adatukula chibwano, koma lumo litayandikira adagwira Lyuben pamkono, diso limodzi lili lotsinzina.

"Atambwali sametana, Mlongoti."

"Amenewo ndi achinyamata. Ife takalamba, chotsala choti tiberane n'chiyani? Khala bwino, ndingakudule khutu."

Anastas adaseka, mimba ikugwedezeka pansi pa bulangete, n'kusiya mkono uja. Lyuben adameta pang'onopang'ono, kuyambira kutsaya lamanzere, akutsuka lumo m'beseni. Khungu lidali litafewa, lopyapyala ngati pepala la fodya, ndipo ankachita kulikoka ndi chala kuti lumo lidutse bwino. Pansi pa khonde wina ankaotcha tsabola, utsi wake unkakwera mpaka kumeneko. Atafika pansi pa mphuno adaona kuti maso a mnzake ayamba kuzirala, ngati nyali imene mafuta akuchepa. Anastas adayang'ana beseni, thaulo, denga la nyumba yoyandikana, n'kubwerera pankhope ya Lyuben ndi kamantha pang'ono.

"Kodi tikujambula lero, bambo?"

"Lero ayi. Lero tikungokukonza nkhope. Lachiwiri tiyamba kuyeserera."

"Mawu anga alipo ambiri?"

"Onse ndi ako."

Anastas adapuma mozama n'kutsinzina. Lyuben adamaliza chibwano, adamupukuta ndi thaulo lofunda, n'kumuongolera tayi. Pamene ankakhuthula beseni kubafa, Nevena adamufunsa chapansipansi kuti mapepala amene walonjezawo awatenga kuti. Adamuyankha kuti wakhala akuloweza mawu a anthu ena zaka makumi asanu, sangalephere kulemba masamba awiri pa sabata. Adzalemba zilembo zikuluzikulu, mizere ifupiifupi, ndipo ikadzayamba kulemera adzaifupikitsanso. Azibwera Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo masiku amenewo Nevena azituluka, akaone mchemwali wake, akakhale kupaki, kapena angogona chitseko chili chotseka. Nevena adati sakumbukira n'komwe kuti munthu amatani akakhala ndi maola awiri akeake.

Lolemba m'mawa Lyuben adalowa m'sitolo ya mabuku ndi zolembera pafupi ndi kwawo. Mwini sitoloyo, amene zaka zonse ankamulonjera ndi nthabwala za m'filimu yoyamba ija, tsiku limenelo adangoyankha moni pang'ono, maso ali pa mashelefu. Lyuben adapempha cholembera chakuda cha nsonga yaikulu ndi kope la mizere. Bamboyo adafunsa mouma kuti akufuna la masamba angati, popeza lidalipo la makumi anayi, la makumi asanu ndi atatu, ndi lina la chikuto cholimba la masamba mazana awiri.

Lyuben adaganiza za zimene dokotala adauza Nevena, za miyezi yochepa imene adati Anastas watsala nayo. Adawerengera masamba awiri pa sabata, ndipo adaona kuti la makumi anayi likadakwana, mwinanso n'kutsalako.

"Ndipatseni lalikululo," adatero.